A Esinati a ku Lamya

Amayi aakulu a Esinati tinawaika m'manda ku Nkope mwezi wathawu, mwera ukuwomba moti mawu a wansembe sankamveka bwino. Anthu sanali ambiri. Anzawo a msinkhu wawo anatha kale, ndipo anyamata amene ananyamula bokosi sankadziwa kuti gogo ameneyu anali yani. Pobwerera kumanda wina anandifunsa ntchito imene malemuwo ankagwira. Nditamuuza kuti anali a ku lamya, iye anaganiza kuti ankagulitsa mayunitsi. Mpamene ndinaona kuti ndilembe zimene ndikudziwa, zisanapite nawo limodzi.

A Esinati anali akulu awo a mayi anga. M'mimba mwawo anabadwa atatu: iwo oyamba, kenako mayi anga a Agnesi, ndipo mzime anali amalume a Barnaba. Onse anakulira pa mishoni ku Nkope, bambo awo ali msodzi komanso woimba belu la tchalitchi.

Masiku amenewo munthu sunkangoimba foni n'kupeza amene ukumufuna. Ukanyamula foni, ankayamba kuyankha ndi munthu wa ku positi, kukufunsa nambala. Ku Mangochi, kwa zaka zambiri, mawu amenewo anali a amayi aakulu. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa positi, kamene ankakatcha ekisichenji, atavala zomvera m'makutu, patsogolo pa bolodi lodzaza mabowo. Bowo lililonse linali foni ya kwinakwake: kuchipatala, kumasitolo, ku Monkey Bay, ku mishoni ya kwathu. Kagetsi kakayaka, ankalowetsa chingwe n'kufunsa nambala, n'kulowetsa chingwe china m'bowo la munthu wofunidwayo. Kenako ankamvetsera pang'ono kuti atsimikize ngati awiriwo akumvana, n'kutseka kiyi kuti iwo asamvenso. Anthuwo akamaliza, ankazula zingwe. Ntchito yake inali yomweyo, m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka.

Ena amene anaphunzira nawo ntchitoyi anaithawa, ati imaumitsa mutu. Iwo ankanena kuti inawakwana ngati nsapato yoyeza. Sankabisa kuti kusukulu zopeka nkhani zinkawagonjetsa. Mphunzitsi akati aliyense alembe zimene angachite atatola ndege, iwo ankabweza pepala loyera, koma katekisimu ndi masamu oloweza sankaphonya ngakhale liwu. Zimenezi sankachita nazo manyazi. Ankakonda kunena kuti pa usodzi wa usipa aliyense amafuna kukhala siginala, uja woona kumene nsomba zili, koma masiginala okhaokha popanda okoka khoka angagone ndi njala. Iwo ankati ndi wokoka, ndipo dziko limayenda chifukwa cha okoka.

Makolo ena ankabwera kudzawafunsa za ana awo omaliza sukulu. Amayi aakulu sankafunsa za mayeso. Ankamutuma mwanayo kutsuka mbale kapena kusesa pabwalo, iwo akuyang'ana. Mwana wosesa mzere ndi mzere osasiya pangodya ankati apite akaphunzire kutaipa, kapena akapemphe ya kuwiritsa majakisoni kuchipatala, kapena ya pa sikelo ku msika wa mbewu, ndipo adzakalamba ndi mtendere. Mwana wosesa akuimba, tsache likujambula maluwa pansi, ankangopukusa mutu n'kuuza makolo kuti ameneyu musamutsekere mu ofesi, adzadwala, komanso mumupempherere.

Kunyumba kwawo kwa Mponda zinkayendanso chimodzimodzi. Tsiku lochapa linali lochapa ngakhale kunja kuli mitambo. Njira yopita kuntchito inali imodzi, ndipo mvula ikaidula ankavula nsapato n'kuoloka pomwepo m'malo mozungulira kumtunda. Banja linawakanika msanga. Mwamuna wawo, wa m'sitima za pa nyanja, anapita ku Monkey Bay osabwereranso, ndipo anthu ankati anatopa ndi nyumba imene za mawa unkazidziwiratu dzulo. Ana analibe. Mnzawo wapamtima anali mnansi wawo Abiti Juma, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa, amene ankawaseka kuti Che Esinati tsiku lomwalira adzayamba afunsa kaye ngati nthawi yoweruka yakwana. Iwo sankakwiya. Ankangoyankha kuti si zoipa kufunsa.

Anthu a kwa Mponda amene anawadziwa mochedwa amakumbuka chinthu chimodzi: mayi wowongoka msana akutsogolera mlongo wake wosaona bwino kupita kutchalitchi, dzanja la mlongoyo lili paphewa pawo. Ankawatama kuti ndi chitsanzo cha ubale. Ochepa okha ndi amene ankadziwa chimene chinawononga maso a amalume, ndi chifukwa chimene mayi anga, akabwera kudzawaona, ankakhala pansi pa mtengo wa mango panja, osalowa m'nyumba.

Amalume a Barnaba anali munthu wosiyana kwambiri ndi achemwali awo. Anali mphunzitsi ku pulayimale ku Nkope komanso wotsogolera kwaya. Nyimbo ankangozitola paliponse, kwa amayi osinja, kwa asodzi okoka khoka, n'kuziveka mawu ena. Awiriwa akakumana sipankatha nthawi asanakangane. Amayi aakulu ankakonda mapemphero a m'buku chifukwa mawu ake ndi omwe aja anapemphera agogo, ndipo sufunika kudzifunsa kuti lero ndinene chiyani kwa Mulungu. Amalume ankati Mulungu nayenso amatopa kumva zomwezomwezo. Atalowetsa ng'oma m'tchalitchi pa Pasaka, amayi aakulu anaimirira n'kukamalizira mapemphero panja. Koma madzulo ake ndi iwo omwe anawasitira malaya oti avale mawa. Ankakondana mwa njira yawoyo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayang'ana kumbuyo usanaseke. Amayi ambiri ankatengedwa pa malole kukavina ku misonkhano, koma amayi aakulu ankatsala chifukwa bolodi silisiyidwa lokha. Khadi la chipani ankagula chaka chilichonse, nsalu ya chipani anali nayo, koma sindinawamvepo akunena chabwino kapena choipa pa zimenezo. Ankati ubwino wa ntchito yawo unali wakuti sinkawafunsa maganizo, pamene maganizo ndi amene ankasowetsa anthu. Polowa ntchito analumbira kuti zomva pa waya si zawo, sadzazitulutsa kwa wina aliyense, ndipo lumbirolo ankalitenga ngati la ubatizo.

Chaka china ku Nkope kunabuka mvuu imene inkagubuduza mabwato pafupi ndi mabango. Asodzi ankaseka kuti ikufuna moni. Amalume anapeka nyimbo yoti ana aimbe potsekera sukulu, ya mvuu yokalamba yofuna moni kwa bwato lililonse, imene ukaipatsa moni ifuna nsomba, ukaipatsa nsomba ifuna nkhafi. Makolo anaseka mpaka misozi. Wapampando wa chipani wa m'deralo sanaseke. Amayi aakulu atamva, anafunsa mlongo wawo ngati nyimbo za m'buku zinatha. Amalume anati nyimboyo ndi ya mvuu basi, ndipo mvuuyo aliyense anaiona ndi maso.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndinazimva kwa mayi anga, ndipo zina kwa eni ake atakalamba.

Tsiku lina masana, kunja kukutentha, foni yochokera ku Zomba inafuna ofesi ina ya pa boma. Amayi aakulu analumikiza monga mwa masiku onse, n'kumvetsera pang'ono ngati awiriwo akumvana. M'kanthawi komweko anamva mawu a mwamuna akunena kuti mphunzitsi wa nyimbo uja wa ku Nkope, Barnaba, akatengedwe mawa ana akangolowa m'kalasi. Anatseka kiyi.

M'chipindamo anali okha, mnzawo wosinthana naye asanafike. Bowo la foni ya ku mishoni linali pafupi ndi dzanja lawo lamanja. Namwino amene ankayankha foni imeneyo anali wa m'kwaya ya amalume. Sabata imeneyo nyanja inali bata, ndipo aliyense ankadziwa kuti asodzi amaolotsa anthu kupita kutsidya la kum'mawa, komwe munthu ankakwera mapiri n'kulowa m'dziko la eni. Ena anapulumuka choncho. Kagetsi kena kanayaka. Anali mwini sitolo akufuna ku Limbe, ndipo anamulumikiza. Kanayakanso kena, kenanso. Nthawi yoweruka itakwana anavula zomvera, n'kupereka mpando kwa mnzawo. Panjira anadutsa basi yopita ku Monkey Bay, imene imadzera pa Nkope, ikali chiimire kudikira anthu. Anaiona, n'kupitirira kwa Mponda. M'mawa mwake anapita kuntchito pa nthawi yake.

Amalume anawatenga choko chili m'manja, ana akuona.

Patapita masiku, mayi anga anabwera pa boma kudzafunsa kumene mlongo wawo anamupititsa. Palibe ofesi imene inawayankha, ndipo ena anawalangiza kuti asiye kufunsa ngati akufuna kulera ana awo. Atatopa anapita kwa Mponda, n'kukhala pakhonde. Amayi aakulu anawapatsa madzi akumwa. Mayi amati anafunsa chabe chifukwa chosowa pogwira, osayembekezera yankho.

"Achemwali, inu mumakhala pakati pa mawaya onse. Palibe chimene munamva?"

"Ndinamva."

"Liti?"

"Dzulo lake, masana."

Mayi anaika kapu pansi. Anafunsa kuti ndiye atamva anatani.

"Ndinatseka kiyi," anatero amayi aakulu. "Sanali mawu anga, Agnesi."

Mayi anga anaimirira, n'kumanga bwino chitenje. Anati kuyambira tsiku limenelo Barnaba ndi mlongo wa iwo okha, ndipo anatuluka pabwalopo madzi aja osawalawa.

Amayi aakulu akanatha kunama, ndipo palibe akanadziwa. Koma kunama kumafuna kupeka, ndipo iwo ukawafunsa chinthu ankayankha chimene wafunsacho. Abale ena anayesa kuwapezera pothawira. Ankati Esinati anachita mantha, pajatu Barnaba akanathawa, anthu aja akanadziwa kuti pakati pa Zomba ndi Mangochi panali khutu limodzi lokha. Zimenezo zinali zoona, ndipo akanangovomera, mwina mudzi ukanawakhululukira, chifukwa mantha aliyense anali nawo. Koma iwo ankakana. Ankati mantha anabwera pambuyo, sanali pomwepo. Choncho kwa zaka zambiri ku Nkope ankangofika pa maliro, kukhala pambali, kusenza madzi, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Chimene ankadziwa kuchita anachita. Mwezi uliwonse pa tsiku lawo lopuma ankakwera basi ya ku Zomba ndi kaphukusi ka sopo ndi usipa wouma. Ankaima pa geti la ndende n'kutchula dzina la mlongo wawo. Ankauzidwa kuti munthu wotero kulibe, ndipo ankabwerera ndi kaphukusi kawo. Mwezi wotsatira ankapitanso. Abiti Juma ankawauza kuti akungotha nsapato, mwinanso tsiku lina adzawatsekera komweko, koma sanasiye. Mkazi wa amalume anadikira mpaka kutopa, kenako abale ake anamutenga kubwerera kwawo ku Malindi, komwe anakwatiwanso.

Amalume anatuluka patapita zaka zingapo, popanda wodziwitsidwa. Lole inawatsitsa pa boma masana, atavala malaya a munthu wina, mano akutsogolo atatha, maso akungoona mithunzi chifukwa chokhala nthawi yaitali m'chipinda chamdima. Malo okhawo amene anakumbuka anali positi. Anapempha munthu wodutsa kuti awalondolere, n'kukaima pa zenera la ekisichenji.

"Achemwali," anaitana.

Amene ankagwira nawo ntchito amati amayi aakulu anavula zomvera n'kutuluka, timagetsi tikuyaka pa bolodi, zingwe zili lende. Anagwira mlongo wawo dzanja n'kupita naye kwa Mponda osauza aliyense. Masana amenewo mafoni a ku Mangochi sanayende mpaka mnzawo atafika. Abwana awo anawadzudzula, ndipo iwo anavomera kuti analakwa. Pa zaka zawo zonse za ntchito, ndi tsiku lokhalo limene anasiya bolodi.

Mayi anga ankafuna kuti amalume akakhale ku Nkope, ndipo anayesa. Koma kumudzi kunali phokoso, alendo obwera kudzazonda, ana, mafunso. Munthu akawafunsa ngati akufuna tiyi kapena thobwa, amalume sankatha kusankha. M'mawa ankakhala pa mphasa kudikira kuti wina awauze kuti adzuke. Pamapeto pake anapempha okha kubwerera kwa Mponda. Kumeneko zinthu zinkabwera pa nthawi yake popanda kufunsidwa: madzi osamba, mankhwala a m'maso, phala, kuothera dzuwa, kugona. Munthu uja ankaseka achemwali ake chifukwa chochita zomwezomwezo tsopano ankapeza mpumulo m'zomwezomwezo. Nyimbo sanapekenso. M'tchalitchi ankangogwedeza milomo.

Amene anauza amalume za tsiku lija ndi mayi anga, chifukwa sankafuna kuti mlongo wawo azidya m'nyumba imeneyo osadziwa. Amalume anamva zonse. Patapita nthawi, tsiku lina akuthiridwa mankhwala m'maso, mutu uli chagada, anayamba okha. Abiti Juma anali pomwepo akusankha mpunga, ndipo ndi amene anandifotokozera.

"Achemwali, mukanandiimbira tsiku lija, ine ndikanaseka. Ndikanati mvuu yayamba kuimba foni. Sindikanathawa ayi."

Amayi aakulu anamaliza diso limodzi, n'kupukuta, n'kuyamba linalo.

"Kuthawa kapena kusathawa zikanakhala zako," anatero. "Kuimba kunali kwanga."

Sanakambiranenso. Ngati amalume ankanena zoona kapena ankangofuna kuwapeputsira mtolo, palibe akudziwa. Anakhala limodzi mpaka amalume anamwalira ndi chifuwa chimene anachitenga kundende, chipani chimodzi chija chisanathe n'komwe.

Ntchito ija inatha makina olumikiza okha mafoni atafika. Anzawo anadandaula, koma iwo anati makinawo akuchita zimene iwo ankachita, ndipo ali ndi mwayi chifukwa alibe mlongo. Anapuma, n'kumakhala kwa Mponda, akusamala nsalu za paguwa kutchalitchi. Makolo ankabwerabe ndi ana awo, ndipo ankawalangiza monga kale. Sananenepo kuti ntchito zotsata ndondomeko n'zoipa. Kungoti atakalamba anayamba kuwonjezera mawu amodzi, akuti mwana wotereyu mumupezere ntchito yoteroyo, koma muzimutumako nthawi zina kumene sanauzidwe njira.

Ine ndinawafunsa kamodzi kokha, atayamba kufooka, ndikuwadula zikhadabo. Ndinafunsa chimene ankaganiza masana aja. Anati sankaganiza kanthu. Ankadikira kuti wina awauze chochita, monga ankauzidwira pa china chilichonse, ndipo palibe anabwera. Bowo lija ankaliona, chingwe chinali m'manja, koma pa zonse anaphunzitsidwa panalibe pamene pamati woyendetsa bolodi amayamba yekha kuimba.

"Dzanja langa silinkaidziwa njira imeneyo," anatero. "Ndinkayesa kuti ndikapanda kulakwitsa kanthu, ndiye kuti sindinalakwe."

Mayi anga akali moyo, ngakhale akuyendera ndodo. Pa maliro sanalire, koma ndi iwo amene anasankha nsalu yowaveka. Sabata yatha ndinawauza kuti ndikupita kwa Mponda kukachotsa katundu kuti eni malo atenge nyumba yawo, ndipo anati apita nawo. Titafika anaima kaye pansi pa mango paja. Mdzukulu wa Abiti Juma anabweretsa kiyi, ndinatsegula, ndipo ndinamva ndodo yawo ikugogoda pakhonde kumbuyo kwanga. Analowa.

Katundu wake sanali wambiri. Mbale ziwiri, makapu awiri, mipando iwiri, ngakhale kuti kwa zaka zonsezi munkakhala munthu mmodzi. Chipinda cha amalume chinali choyalidwa bwino, bulangeti lopindidwa kumiyendo, nsapato zawo zili pansi pa bedi zopukutidwa. Fumbi linali litangoyamba kumene kugwa. Mayi anayang'ana zitseko za zipinda ziwiri za m'nyumbamo n'kundifunsa kuti achemwali awo ankagona chiti, chifukwa sankadziwa. Ndinawalozera kachipinda ka kuseri, kopanda zenera lenileni, komwe munali bedi lachitsulo ndi msomali umodzi wopachikapo diresi ya kutchalitchi. Anakhala pa bedipo, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kuyang'ana makoma.

"Kani ndi mochepa chonchi," anatero.

Ndinawasiya momwemo n'kutuluka. Pabwalo masamba a mango anali atadzaza mpaka pakhomo, ndipo mbuzi za anansi zinali zitagona pakhonde, pamene kale sizinkayerekeza kupondapo. Tsache linali chiimire pangodya, litadyeka mbali imodzi.